Khutu la Ndege: Eriyo Yomvera Mphenzi Iikidwe Pati?

Amene anakula akumvera wailesi ya medium wave akukumbukira mmene inkathethekera madzulo a m'dzinja. Kumwamba kuli nyenyezi, pabwalo pali pouma, koma pakati pa nkhani m'wailesi mukungomveka the-the-the. Akuluakulu ankadziwiratu kuti kwinakwake kukugwa mvula ya mabingu, ndipo sankalakwa. Mphenzi iliyonse ikang'anima imatulutsa mafunde a wailesi amene amayenda makilomita mazanamazana, ndipo kuthetheka kuja anali mawu a mphenziyo.

Oyendetsa ndege zing'onozing'ono ali ndi chipangizo chomvera kuthetheka komweko, n'kuonetsa pa sikirini mbali imene kuli mvula ya mabingu. Khutu lake ndi limodzi: eriyo yaing'ono yomangidwa kunja kwa ndege. Khutu limeneli likakhala pabwino limapulumutsa moyo. Likakhala polakwika limanama, ndipo woyendetsa sadziwa kuti akunamizidwa. Nawa mafunso amene mwini ndege ayenera kufunsa asanalole makaniko kugwira dirilo.

Kodi chipangizochi n'chotani, ndipo chikusiyana bwanji ndi rada?

Chodziwika kwambiri ndi Stormscope, chimene injiniya wa ku America dzina lake Paul Ryan anatulukira m'zaka za m'ma 1970. Pambuyo pake chinadutsa m'manja mwa makampani a 3M, BFGoodrich ndi L-3, ndipo mtundu wake wa WX-500 ukupezeka m'ndege zambiri mpaka lero. China ndi Strike Finder, chopangidwa ndi kampani ya Insight ya ku Canada. Zonsezi zimamva mphenzi mpaka pa mtunda wa mamailosi a panyanja 200, omwe ndi pafupifupi makilomita 370, kuzungulira ndege mbali zonse.

Rada imafuula n'kudikira kuti mawu ake abwerere. Imatumiza mafunde kutsogolo, mafundewo akagunda madontho a madzi m'mitambo amabwerera, ndipo woyendetsa amaona pamene pali mvula yambiri. Imafuna mbale yaikulu kumphuno kwa ndege, pamene ndege ya injini imodzi ili kale ndi pulopela pamalo pomwepo. Chomvera mphenzi sichitumiza kanthu. Chimangotchera khutu. Sichiona mvula, chimamva magetsi a m'mitambo, ndipo pamene pali mphenzi pamakhalanso mphepo zokwera ndi zotsika mwamphamvu, matalala ndi kugwedezeka kumene kungathyole mapiko a ndege yaing'ono.

Nanga m'kati mwa eriyoyo muli chiyani?

Kunja imaoneka ngati kabokosi kophwatalala kosaposa kabuku kakang'ono. M'kati muli makoyilo awiri oikidwa mopingasana, ina yoloza kutsogolo ndi kumbuyo, ina yoloza m'mbali. Mafunde a mphenzi akafika, koyilo iliyonse imamva mphamvu yosiyana malinga ndi kumene achokera, ndipo kompyuta ya chipangizochi ikayerekeza ziwirizo imadziwa mzere umene mphenziyo ili. Koma makoyilo okha sangasiyanitse mphenzi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo pa mzere womwewo. N'chifukwa chake muli kachigawo kachitatu komva mphamvu ya magetsi, kamene kamathetsa kukayikako.

Mtunda wokha suyezedwa mwachindunji. Chipangizochi chimauyerekeza poona kukula ndi maonekedwe a mafunde amene chamva, powafanizira ndi mphenzi wamba. Motero mphenzi yamphamvu kwambiri imaoneka ngati ili pafupi kuposa pamene ili, ndipo yofooka imaoneka ngati ili patali. Apa pakuoneka kale kuti chilichonse chosokoneza zimene makoyilowo akumva chimasokoneza mbali ndi mtunda womwe.

Eriyo zina timangoika pamene pali mpata. Iyi yavuta pati?

Taganizirani munthu amene akufuna kumva ng'oma ikulira kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, koma iye waima m'chigayo chikugaya. Ng'omayo ndi yaikulu, koma ili kutali. Chigayocho n'chaching'ono poyerekeza, koma chili m'khutu. Ndi mmenenso zilili pa ndege. Mphenzi imodzi imanyamula magetsi okwana pafupifupi maampeya 30,000, koma mafunde ake akayenda makilomita 300 amafika atafooka kwambiri. Kamota kakang'ono kamene kali theka la mita kuchokera pa eriyo kangamveke mokweza kuposa mphenzi imeneyo.

Vuto lina n'lakuti chipangizochi chimamvera mafunde otsika kwambiri, a makilohetsi makumi ochepa chabe. Kumeneko n'kumene zinthu zambiri za magetsi za m'ndege zimachitira phokoso lawo. Wailesi yolankhulirana ndi a pabwalo la ndege imagwira ntchito pakati pa mamegahetsi 118 ndi 137, kutali ndi phokoso lambiri lotere, choncho eriyo yake siisamala kwenikweni za pampu ya mafuta. Eriyo ya mphenzi imamva zonse, ndipo kuthetheka kwa moto wa m'mota kumafanana kwambiri ndi mphenzi yeniyeni.

Phokoso limenelo limachokera kuti makamaka?

Woyamba kumukayikira ndi magetsi othwanima a kumapiko ndi kumchira, otchedwa strobe. Akale aja amasonkhanitsa magetsi m'kabokosi n'kuwatulutsa kamodzin'kamodzi m'kachubu ka mpweya wa xenon. Imeneyo ndi mphenzi yaing'ono, yochitika mobwerezabwereza ulendo wonse. Magetsi atsopano a LED nawonso si osalakwa, chifukwa timabokosi tawo tosinthira mphamvu timayatsa ndi kuzimitsa magetsi kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Wachiwiri ndi alitaneta, makamaka ikayamba kutha kapena dayodi yake imodzi ikapsa. Kenako pali mamagineto ndi mawaya opita ku mapulagi a injini, amene amanyamula mavoti masauzande. Pali mamota a ma flap, a trim, a autopilot, pampu ya mafuta, fani yoziziritsa zipangizo ndi ya mpweya wa m'chipinda cha okwera. Palinso transponder ndi DME, zimene zimatumiza mafunde amphamvu modukizadukiza, ndiponso wailesi yolankhulirana pa nthawi imene woyendetsa wadina batani kuti alankhule.

Koma pali gwero lina limene anthu ambiri amaliiwala chifukwa silioneka. M'ndege ya aluminiyamu, monga m'galimoto, magetsi amapita ku chipangizo kudzera m'waya, koma pobwerera ku batire amadzera m'thupi la ndegeyo. Ndiye kuti chikopa chenicheni cha ndege, chimene eriyo yakhalapo, ndi msewu wa magetsi. Pa Cessna 172 batire ili kutsogolo pafupi ndi injini. Pa Piper Cherokee zina zakale ili pansi pa mpando wa kumbuyo. Pa Cessna 182 zambiri ndi pa Mooney M20J ili chakumchira, ndipo waya wonenepa umayenda pansi pa ndege kukafika ku injini. Malo ooneka opanda kanthu, kutali ndi mota iliyonse, angakhale pakati penipeni pa msewu umenewu.

Ndiye tiike pamsana pa ndege kapena pamimba?

Eriyo ya GPS iyenera kuona kumwamba kumene kuli masetilaiti. Ya transponder imakonda pamimba kuti ione rada ya pansi. Ya mphenzi ilibe chofuna chotere. Mafunde amene imamva ndi aatali makilomita angapo, ndipo ndege ya mamita 8 kapena 9 ndi kanthu kochepa kwambiri kuti iwatchinge. Choncho opanga amalola mbali zonse ziwiri, ndipo funso lenileni n'lakuti mbali yachete ndi iti.

Kawirikawiri makaniko amayambira kuyang'ana pamimba chakumbuyo, kupitirira chipinda cha katundu, chifukwa ndi kutali ndi injini, alitaneta ndi zipangizo za kutsogolo kwa woyendetsa. Koma pamimba pali mavuto ake. Mafuta otuluka m'injini ndi utsi wa ekizozi zimayenderera pomwepo. Madzi olowa m'ndege amatsikira pansi n'kukhazikika pa pulagi ya eriyo. Pa mabwalo a dothi ndi miyala, monga ambiri a m'mapaki ndi m'madera a kumidzi kuno kwathu, matayala ndi pulopela zimaponya timiyala ndi matope pamimba pa ndege tsiku ndi tsiku. Kumchira komweko n'kumenenso nthawi zambiri kumakhala mamota a autopilot, kabokosi ka strobe ndi batire.

Pamsana n'paukhondo ndiponso potetezeka ku miyala, koma pamakhala podzaza kale. Pali eriyo za wailesi, ya GPS, ya ELT yoitanira chithandizo ndege ikagwa, ndipo pansi pa denga pamadutsa mawaya a magetsi a m'chipinda ndi sipika yokhala ndi maginito. Pa ndege za mapiko a pamwamba, mawaya opita ku strobe ndi mota ya ma flap zili chapafupi. Buku la wopanga limatchula mtunda umene eriyo iyenera kutalikirana ndi chilichonse mwa zimenezi. Mukatsatira mitundayo, malo otsala amakhala awiri kapena atatu basi. Kusankha pakati pa amenewo si ntchito ya maso.

Ngati si ntchito ya maso, malowo amapezeka bwanji?

Amapezeka pomvetsera ndegeyo, ntchito imene akatswiri amaitcha skin mapping. Makaniko amatenga eriyo yoyesera yolumikizidwa ku mita yoonetsa kuchuluka kwa phokoso, n'kumaiika pamalo osiyanasiyana pa chikopa cha ndege, osaboola paliponse. Amachita ngati dokotala woyendetsa chomvera pachifuwa cha wodwala.

Ntchitoyi siichitikira m'shedi ya ndege. Mmenemo muli magetsi a machubu, makina owotcherera ndi mawaya a nyumba, zimene zimabisa phokoso la ndegeyo. Amaikokera pabwalo, kutali ndi mawaya a magetsi ndi matransifoma, pa tsiku limene kulibe mabingu pafupi. Kuno kwathu miyezi ya June ndi July ndi yabwino pa ntchito yotere kuposa January.

Amayamba zonse zili zozimitsa, kuti adziwe phokoso la pamalopo. Kenako amayatsa batire, n'kumayatsa zipangizo chimodzichimodzi: strobe, magetsi oterera, pampu, ma flap akutsika ndi kukwera, trim, autopilot, transponder, wailesi iliyonse ikulankhula. Akatero amayatsa injini, n'kuyesa ikuyenda pang'onopang'ono ndiponso itakwezedwa, chifukwa phokoso la alitaneta ndi mamagineto limasintha ndi liwiro la injini. Pomaliza amayatsa zonse nthawi imodzi, monga zimakhalira usiku wa mvula pamene chipangizochi chikufunika koposa. Pa malo alionse amalemba zimene mita yaonetsa. Pamene pakhala chete pa mayeso onse amaikapo chizindikiro, ndipo pokhapo m'pamene dirilo imatuluka m'bokosi.

Ndi ntchito ya maola angapo ndi anthu awiri, wina ali m'kati, wina kunja pafupi ndi injini yolira, motero imafuna kusamala kwambiri ndi pulopela. Eni ndege ena amaiona ngati yongowonjezera bilu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Maola amenewo ndi otsika mtengo kuposa kudzazula eriyo, kuzigamba mabowo akale ndi kuboola ena atsopano.

Mnzanga ali ndi ndege yofanana ndi yanga, ndipo yake ikugwira bwino. Bwanji osangoika pamene iye anaika?

Pamene iye anaika ndi poyambira pabwino, ndipo muyambe kuyesa pamenepo. Koma ndege ziwiri zimafanana tsiku lotuluka m'fakitale lokha. Cessna 182 ya mu 1978 yadutsa m'manja mwa eni angapo ndi amakaniko ambiri. Wina anaikamo autopilot, wina anasamutsa kabokosi ka strobe, wina anadutsitsa waya watsopano kumanzere pamene pa ndege ya mnzanuyo unadutsa kumanja. Pena dzimbiri lalowa pakati pa malata awiri, ndipo magetsi obwerera ku batire asintha njira. Nambala ya mtundu ndi imodzi, koma phokoso la ndege iliyonse ndi lakelake.

Nanga ndege zimene thupi lake si la aluminiyamu?

Eriyo imeneyi imafuna kukhala pa chitsulo chotambalala cholumikizana bwino ndi thupi lonse la ndege, chimene akatswiri amachitcha ground plane. Pa ndege ya aluminiyamu chikopa chomwecho chimagwira ntchitoyi. Pa ndege za fiberglass ndi carbon, monga Cirrus ndi Diamond, kapena zokutidwa ndi nsalu monga Piper Cub, pamafunika kuika chitsulo chopyapyala kapena sefa ya chitsulo mwadala, n'kuchilumikiza ku mawaya a ethi a ndegeyo. Kulinso vuto lakuti thupi losakhala lachitsulo silitchinga phokoso la mawaya a m'kati, choncho eriyo imamva zambiri. Pa ndege zotere opanga amakhala atasankha kale malo ovomerezeka, ndipo si nzeru kupatukapo.

Malo apezeka. Chingalakwikenso n'chiyani?

Choyamba, eriyo iyenera kuloza ndendende kumene mphuno ya ndege yaloza, ndipo ikhale pamalo athyathyathya, osati popendekera cham'mbali. Ikapotoka pang'ono, mphenzi zonse pa sikirini zimapotoka chimodzimodzi, ndipo mpata umene mukuganiza kuti uli pakati pa mitambo iwiri umakhala uli pena.

Chachiwiri, chipangizocho chiyenera kuuzidwa ngati eriyo ili pamsana kapena pamimba. Eriyo ya pamimba ndi yozondoka. Makaniko akaiwala kusintha zimenezi, mphenzi ya kumanzere imaoneka kumanja. Woyendetsa pothawa mtambo amakhotera mu mtambo momwemo. Palibe cholakwika china pa ntchito yonseyi choopsa kuposa chimenechi, ndipo chimagwidwa mosavuta ndi makina oyesera amene amatumiza mphenzi zongoyerekeza kuchokera mbali zodziwika.

Chachitatu ndi kamangidwe. M'kati mwa chikopa amaikamo kachitsulo kolimbitsira, kotchedwa doubler, kuti lata lisang'ambike ndi mphepo ndi kunjenjemera. Penti imapalidwa pamene buku lanena kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, kenako m'mphepete amamatamo kuti madzi asalowe. Chingwe cha eriyo chisamangidwe mtolo umodzi ndi mawaya a batire, alitaneta kapena strobe, ndipo pamene chiyenera kuwadutsa chiwadutse mopingasa. Eriyo ingakhale pamalo achete, koma chingwe chake n'kutolera phokoso m'njira.

Pomaliza, onani timawaya ta kumapeto kwa mapiko ndi mchira, totchedwa static wicks. Ndege ikamadutsa mu mvula, m'timadzi toundana kapena m'fumbi, thupi lake limadzaza magetsi, ndipo timawaya timeneti timawatulutsa mwakachetechete. Tikathyoka, magetsiwo amatuluka mothetheka, ndipo eriyo imawawerenga ngati mphenzi.

Ndingadziwe bwanji kuti eriyo ya ndege yanga ikunama?

Ulukani tsiku lopanda mitambo n'kuyang'ana sikirini. Mphenzi yeniyeni ili pamalo ake padziko. Mukafufuta sikirini, n'kukhota, n'kufufutanso, timadontho take timabwerera mbali yatsopano yogwirizana ndi kukhotako. Phokoso la m'ndege limayenda ndi ndegeyo: kaya mwaloza kumpoto kapena kummwera, timadonthoto timabwerera pambali yomweyo, nthawi zambiri titandandalika mumzere. Mukaona zotere, zimitsani zipangizo zosafunika pa nthawiyo chimodzichimodzi, mukufufuta sikirini nthawi iliyonse. Timadontho tikasiya kubwera mutazimitsa strobe, mwamupeza wolakwa. Tikamachuluka pokweza injini, kayang'anitseni alitaneta ndi mawaya a mapulagi.

Musafulumire kusamutsa eriyo. Ngati inkagwira bwino kale, ndiye kuti china chake chasintha: waya wa ethi wamasuka, mota yatha, kapena chipangizo chatsopano chaikidwa pafupi. Kuchiza gwero la phokoso kumathandizanso wailesi ndi zipangizo zina. Dziwaninso kuti timadontho tingapo tooneka ndege ili pansi si tachilendo, chifukwa pansi pa misewu ya pabwalo pamadutsa mawaya a magetsi.

Kodi mwini ndege angadziikire yekha?

Pa ndege yokhala ndi satifiketi ya boma, ayi. Kuboola thupi la ndege ndi kulumikiza chipangizo ku magetsi ake ndi ntchito ya injiniya wa laisensi, yotsatira buku la wopanga, yolembedwa m'mabuku a ndegeyo pamodzi ndi kusintha kwa kulemera kwake. Ku America, bungwe la FAA lili ndi malangizo a kaikidwe ka eriyo m'chikalata cha AC 43.13-2B, ndipo kusintha kwakukulu kumalembedwa pa Form 337. Dziko lililonse lili ndi njira yake kudzera ku bungwe loyang'anira za ndege kumene ndegeyo inalembetsedwa. Gawo la mwini ndi kufunsa: kodi mwayesa phokoso musanaboole, injini ikulira? Zotsatira zake zili kuti? Mwayesa kumanzere ndi kumanja? Makaniko wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere.

Masiku ano zithunzi za nyengo zimafika pa tabuleti. Chipangizochi chikufunikabe?

Ku America oyendetsa ndege amalandira zithunzi za rada ya pansi ali m'mwamba, kudzera mu ADS-B kapena setilaiti ya SiriusXM. Ngakhale kumeneko, mu 2012 bungwe lofufuza ngozi la NTSB linachenjeza kuti chithunzi chotere chingakhale chakale ndi mphindi 15 mpaka 20 kuposa nthawi yolembedwa pa sikirini. Mtambo wa mabingu ungabadwe n'kukula pa nthawi yochepa ngati imeneyo. Chomvera mphenzi chimaonetsa zimene zikuchitika pa sekondi yomweyo.

Kuno kwathu njira ziwiri zimenezo sizifika. Woyendetsa Cessna 206 kupita ku Likoma, ku Nyika kapena ku Mfuwe pakati pa November ndi April amanyamuka ndi ulosi wa nyengo umene anaupeza ali pansi, ndipo masana mitambo imatumphuka mofulumira m'mapiri ozungulira nyanja. Kumayambiriro kwa dzinja, utsi wa moto wa m'tchire ukadali m'mlengalenga, maso saona patali. Pamenepo khutu lija limakhala mboni yokhayo ya zimene zili kutsogolo.

Koma chipangizochi ndi chothandiza kuzungulira mkuntho patali, si cholowera pakati pake. FAA imalangiza kutalikirana ndi mtambo woopsa wa mabingu ndi mamailosi a panyanja 20, pafupifupi makilomita 37. Kuti woyendetsa akhote msanga chotero, n'kuwonjezera mafuta ndi nthawi chifukwa cha timadontho tochepa pa sikirini, ayenera kukhala kuti amatikhulupirira. Eriyo imene yakhala ikumuonetsa mphenzi zabodza tsiku lililonse la dzuwa yamuphunzitsa kale kufufuta osaganiza, ndipo tsiku limene timadonthoto tidzakhale toona, chala chake chidzapitanso pa batani lomwelo. Chikhulupiriro chimene adzachifune masana amenewo pamwamba pa nyanja chimayambira pabwalo, miyezi ingapo m'mbuyo, pamene makaniko anagwada pansi pa ndege ndi mita m'manja, injini ikulira, n'kufufuza mpaka atapeza pachete.